Ngongole imene inatseka masitolo a Toys "R" Us

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, asilikali a ku America anabwerera kwawo kukakwatira ndi kumanga mabanja, ndipo m'zaka zotsatira ana anabadwa ochuluka zedi. Mmodzi mwa anthu amene anazindikira msanga kuti pamene pali makanda pali malonda anali Charles Lazarus, mnyamata wa mumzinda wa Washington amene ku usilikali ankagwira ntchito ya mauthenga achinsinsi. Bambo ake anali ndi shopu ya njinga. Mu 1948 Lazarus anatenga malo a shopuyo n'kuyamba kugulitsa timabedi ta makanda ndi mipando ya ana, ndipo sitoloyo anaitcha Children's Bargain Town. Apa ndi pamene panaphukira Toys "R" Us, kampani imene inadzakhala mfumu ya malonda a zidole padziko lonse, kenako n'kutseka masitolo ake onse a ku America patatha zaka 70. Anthu ambiri akafunsidwa chimene chinaigwetsa amatchula intaneti ndi mafoni amene ana amaseweretsa masiku ano. Mbiri yake ikalondoledwa bwino kuchokera pachiyambi imaonetsa kuti zimenezo zinangoifooketsa. Chimene chinaimaliza ndi ngongole imene ena anatenga m'dzina lake, ndipo amene analipira kwambiri ndi antchito amene sanafunsidwepo maganizo pamene ngongoleyo inkatengedwa.

Nkhani imene inkasimbidwa kawirikawiri pakampaniyi imati makolo obwera kudzagula bedi ankafunsanso kachidole koti mwana azisewera nako, ndipo Lazarus anayamba kusunga tochepa. Tsiku lina mayi wina anabweranso kudzagula chidole china chifukwa choyamba chija mwana anali atachiswa. Lazarus anatolapo nzeru imene inasintha moyo wake. Bedi la khanda banja limagula kamodzi, ndipo ana obadwa pambuyo amagonanso pomwepo, pamene chidole chimathyoka, chimatayika, mwana amatopa nacho n'kulirira china. Mu 1957 anatsegula sitolo ya zidole zokhazokha ku Rockville, m'chigawo cha Maryland, ndipo dzina la Toys "R" Us linayamba kudziwika, chilembo cha R chitalembedwa chotembenuka ngati mmene amalembera mwana amene wangoyamba sukulu. Kagulitsidwe anakatengera ku masitolo akuluakulu a zakudya: nyumba yaikulu ngati nkhokwe, mashelefu ofika kudenga, wogula akukankha ngolo yake n'kumadzitengera yekha katundu. Nthawi imeneyo zidole zinali malonda a pa Khrisimasi, ndipo masitolo ambiri ankaziyala mu Disembala n'kuzichotsa mu Januwale. Lazarus ankazigulitsa chaka chonse. Matewera ankawagulitsa motchipa kwambiri kuti mayi wa khanda azolowere kubwera, podziwa kuti sadzatuluka wopanda kachidole. Wailesi yakanema nayo inali itangofala m'makomo, ndipo mwana akaona chidole cha Barbie, chimene kampani ya Mattel inatulutsa mu 1959, ankadziwa sitolo yoti akokereko makolo ake.

Pali chinthu china m'mbiri imeneyi chimene chimaiwalika, koma n'chofunika pa mlandu wonse. Mu 1966 Lazarus anagulitsa masitolo ake anayi kwa kampani ya Interstate Department Stores, iye n'kukhalabe woyendetsa mbali ya zidole. Interstate inakula mosadziletsa, inagula masitolo ambiri osapindulitsa, ndipo mu 1974 inalephera kubweza ngongole zake n'kukadzipereka kukhoti. Masitolo a zidole okha ndi amene ankapanga phindu. Khoti linalola Lazarus kuyendetsa kampani yonse, iye anataya nthambi zouma, ndipo mu 1978 kampaniyo inatuluka m'mavuto itatenga dzina la mwana wake, Toys "R" Us. Choncho sitolo imeneyi inakumanapo kale ndi mwini wolemedwa ndi ngongole, n'kupulumuka. Ulendo umenewo ngongole inali ya kholo, ndipo anaidula n'kusiya mwana ali wamoyo. Ulendo wachiwiri anaimangirira pakhosi pa mwanayo.

Kuchokera mu 1978 kampaniyo inakula ngati moto wa m'chilimwe. Inatsegula masitolo a zovala za ana a Kids "R" Us mu 1983, inalowa mu Canada ndi Singapore mu 1984, ndipo mu 1985 inafika ku Britain. Ku Japan kunali lamulo loteteza timasitolo ting'onoting'ono limene linkachedwetsa kwa zaka zambiri aliyense wofuna kumanga sitolo yaikulu. Boma la America linakakamiza Japan kufewetsa lamulolo, sitolo yoyamba inatsegulidwa mu Disembala 1991, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti George Bush wamkulu anapita yekha kukaona ina ku Kashihara. Sitolo ya zidole inali itasanduka nkhani ya maboma. Kadyamsonga wotchedwa Geoffrey, chizindikiro cha kampaniyo, ankadziwika kwa mwana aliyense wa ku America. Pano tiyenera kunena chilungamo: Toys "R" Us sinali nkhosa. Kukula kwake kunatseka timasitolo ta zidole ta mabanja tosawerengeka, ndipo opikisana nayo akuluakulu, Child World ndi Lionel Kiddie City, anagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Opanga zidole ankaiopa, chifukwa chidole chimene sichinalowe pamashelefu ake chinali chovuta kugulitsa. Amene amati kampaniyi inakolola zimene inafesa ali ndi mfundo, ngakhale mfundoyo sigwira wolandira ndalama pakauntala kapena wopakira mabokosi usiku, amene sanafese kalikonse.

Lazarus anatula pansi udindo woyendetsa kampani mu 1994, ndipo pasanapite nthawi mphepo inasintha. Masitolo akuluakulu a Walmart ndi Target anatenga nzeru yake ija ya matewera n'kuigwiritsa ntchito pa zidole: ankasankha zidole zochepa zimene ana akuzilirira chaka chimenecho, n'kuzigulitsa pamtengo wotsika kwambiri pofuna kuti kholo ligulenso zakudya, zovala ndi sopo. Iwo akataya ndalama pa chidole ankazipeza pa katundu wina, pamene Toys "R" Us inalibe kwina kopezera. Mu 1998 Walmart inaiposa n'kukhala wogulitsa zidole wamkulu mu America. Pa intaneti kampaniyi inapunthwa kawiri. Pa Khrisimasi ya 1999 inalandira maoda ambiri kuposa amene ikanatha kutumiza, mphatso zina sizinafike tsikulo lisanakwane, ndipo inapepesa makasitomala ndi makuponi a madola 100. Chifukwa cha manyazi amenewo, mu 2000 inasaina pangano la zaka 10 ndi Amazon, kampani yogulitsa katundu pa intaneti, loti zidole zake zizigulitsidwa kudzera kumeneko. Wofuna kugula ku Toys "R" Us pa intaneti ankapezeka ali pakhomo pa Amazon. Amazon itayamba kulola enanso kugulitsa zidole, mlandu unalowa m'khoti mu 2004, Toys "R" Us inapambana mu 2006, ndipo pambuyo pake inalandira madola 51 miliyoni. Ndalamazo sizikanabweza zaka zisanu ndi chimodzi zimene inaphunzitsa makolo kugula zidole kwa mdani wake.

Kuchotsa anthu ntchito kunayamba m'nyengo imeneyi, ndipo kuyambira pamenepo sikunalekeke. Mu 2001 kampaniyo inatsegula sitolo yodzionetsera ku Times Square mu New York, yokhala ndi gudumu lalikulu lokweramo ana m'kati mwake, koma mu Januwale 2002 inalengeza kuti itseka masitolo 64 ndi kuchotsa antchito 1,900. Kumapeto kwa 2003 inaganiza zotseka masitolo onse a Kids "R" Us amene anatsala. Pofika 2004 akuluakulu ake ankalankhula poyera zogulitsa mbali ya zidole kuti atsale ndi Babies "R" Us, masitolo a katundu wa makanda amene anayamba mu 1996 ndipo ankayenda bwino. Palibe angakane kuti kampaniyi inali ikudwala. Komabe inali ikugulitsa katundu wa madola oposa 11 biliyoni pachaka, inali ndi malo ndi nyumba zake zambiri, ndipo dzina lake linali lokondedwa. Wodwala wotere amafunika mankhwala ndi chakudya: ndalama zokonzera masitolo amene anayamba kutha, zophunzitsira antchito, ndi zomangira malonda a pa intaneti.

Mu 2005 kunabwera ogula atatu, Bain Capital, KKR ndi Vornado Realty Trust, ndipo anagula kampani yonse pa madola 6.6 biliyoni. Kagulidwe kake n'koyenera kukamvetsa, chifukwa m'menemo ndi mmene muli mutu wa nkhani. Atatuwa anatulutsa m'thumba mwawo pafupifupi 1.3 biliyoni yokha. Zotsalazo, zoposa 5 biliyoni, anakongola, koma ngongoleyo sinalembedwe pa iwo. Inalembedwa pa Toys "R" Us yeniyeniyo, ndipo malo ndi masitolo ake ndi amene anakhala chikole. Zili ngati munthu agule chigayo ndi ndalama za katapila, n'kuuza wakatapilayo kuti wobweza ndi chigayocho, ndipo chikalephera alande chigayo, nyumba yake asaikhudze. M'malamulo a ku America zimenezi n'zololedwa ndipo zimachitika kawirikawiri. Ochita malonda amenewa amati ngongole imadzutsa mabwana aulesi, chifukwa wodziwa kuti mwezi uliwonse pali chiwongoladzanja chomudikira sawononga ndalama. Kampani imene malonda ake ndi okhazikika mwina ikhoza kupirira mankhwala owawa chotere. Kampani ya zidole imapeza gawo lalikulu la ndalama zake m'masabata ochepa a Khrisimasi, ndipo iyi inali pakati pa Walmart ndi Amazon. A Bain sakanati sakudziwa kuopsa kwake, chifukwa mu 2000 anagula KB Toys, masitolo ena a zidole, ndipo mu Januwale 2004 KB Toys inali kale kukhoti italephera kubweza ngongole.

Zotsatira zake zinaoneka msanga. Mu Januwale 2006 kampaniyo inalengeza kutseka masitolo 75 ndi kuchotsa anthu pafupifupi 3,000. Kuyambira pamenepo, chaka chilichonse madola pafupifupi 400 miliyoni ankapita ku chiwongoladzanja. Zaka zambiri masitolo ankapanga phindu pa malonda awo, koma chiwongoladzanja chikachotsedwa pankatsala zochepa kapena osatsala kanthu. Ndalama zimenezo ndi zomwe zikanakonza madenga ndi pansi, zikanaonjezera malipiro kuti antchito odziwa ntchito asachoke, zikanapikisana ndi Amazon pa liwiro lotumiza katundu. M'malo mwake makolo ankapeza masitolo okalamba, ogulitsa ochepa ndi mitengo yosasiyana ndi kwina. Eni akewo anayesa kugulitsa masheya pamsika mu 2010 kuti atulukemo, koma ogula sanaoneke ndipo mu 2013 anasiya. Sitolo ya ku Times Square inatsekedwa kumapeto kwa 2015. M'zaka zonsezi eni ake ankalandirabe kuchokera ku kampaniyo malipiro a uphungu ndi ena, okwana madola mamiliyoni mazana angapo.

Otsutsa ali ndi mayankho, ndipo si opanda nzeru. Ena amati ngakhale pakanapanda ngongole, Amazon ikanaimeza basi, chifukwa ana a lero amafuna foni ndi masewera a pakompyuta. N'zoona kuti zokonda za ana zasintha, koma zidole sizinasiye kugulidwa: kampani ya zidole ya LEGO inakula kwambiri m'zaka zomwezo, ndipo Toys "R" Us yomwe inagulitsa katundu wa madola pafupifupi 11.5 biliyoni mu 2016, chaka chimodzi isanagwe. Sitolo imene makasitomala aithawa sigulitsa zotere. Best Buy, yogulitsa zipangizo zamagetsi, inapanikizidwa ndi Amazon koposa, koma inali ndi mpata wotsitsa mitengo ndi kukonza masitolo, ndipo ilipo mpaka lero. Smyths Toys ya ku Ireland imagulitsa zidole m'nyumba zikuluzikulu mofanana ndi mmene Lazarus ankachitira, ndipo inakula pa nthawi yomwe Toys "R" Us inkafota. Ena amati eni akewo nawonso anataya 1.3 biliyoni yawo, choncho sanganenedwe kuti anadyerapo. Anatayadi, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti ankafuna kampaniyo ife. Koma kutaya kwawo kunali ndi malire amene anadziikira okha tsiku logula, gawo lina analibweza kudzera m'malipiro aja, ndipo zambiri mwa ndalamazo zinali za mabungwe a penshoni ndi ena amene anawasungitsa chuma. Makampani atatuwo akuchitabe malonda. Mayi amene anagwira ntchito pakauntala zaka 25 analibe malire otere, ndipo kubetchako kukanapambana sakanagawiridwa kanthu.

Mapeto anadza mothamanga. Kumayambiriro kwa Sepitembala 2017 kunamveka kuti kampaniyo yalemba maloya odziwa za ngongole, popeza madola 400 miliyoni ankayenera kubwezedwa mu 2018. Opanga zidole anachita mantha, ndipo m'masiku ochepa pafupifupi 40 mwa 100 alionse anakana kutumiza katundu popanda kulipidwa pompopompo, nthawi imene sitolo imadzaza nkhokwe zake kukonzekera Khrisimasi. Pa 18 Sepitembala kampaniyo inakadzipereka kukhoti la ku Richmond, Virginia, ili ndi masitolo pafupifupi 1,600 ndi antchito 64,000 padziko lonse. Mkulu wake, David Brandon, anauza khoti kuti ngongole ndi imene inalepheretsa kampaniyo kuika ndalama m'masitolo ndi pa intaneti, ndipo umboni wa munthu amene eni ake anamusankha okha ndi wovuta kuutsutsa. Patangotsala masiku ochepa kuti apite kukhoti, mabwana akuluakulu analandira mabonasi a madola mamiliyoni angapo owalimbikitsa kuti asachoke. Khrisimasi ya chaka chimenecho inayenda moipa, makolo ankakayika kugula m'sitolo imene mwina mawa sidzakhalapo yoti abwezereko katundu. Mu Januwale 2018 analengeza kutseka masitolo pafupifupi 180. Pa 28 Febuluwale nthambi ya ku Britain inagwa, ndipo pofika kumapeto kwa Epulo masitolo ake onse, pafupifupi 100, anali atatsekedwa, anthu oposa 3,000 ali pa ulova. Pa 15 Malichi kampaniyo inapempha khoti kuti igulitse zonse mu America, masitolo 735, chifukwa ena mwa okongoza anaona kuti apeza zambiri ikafa kusiyana ndi ikakhala moyo. Patatha sabata imodzi, pa 22 Malichi, Charles Lazarus anamwalira ali ndi zaka 94. Masitolo omaliza anatsekedwa pa 29 Juni 2018.

Antchito oposa 30,000 a ku America anatuluka opanda ndalama zimene munthu amalandira akachotsedwa ntchito. Kampaniyo inali ndi ndondomeko yopereka ndalamazo, ndipo ambiri anapirira mpaka tsiku lomaliza, akumata mapepala otsitsa mitengo ndi kugulitsa ngakhale mashelefu, pokhulupirira kuti adzalandira. Kukhoti la ngongole, wokongoza amene ali ndi chikole ndi amene amayamba kudya, maloya ndi alangizi amalipidwa, ndipo wantchito amaima kumbuyo. Antchitowo anawerengetsa kuti ankayenera kulandira madola 75 miliyoni. Sanakhale chete. Anachita zionetsero ku New York kumaofesi a eni ake, anapita ku Washington kukaonana ndi aphungu, ndipo chanzeru koposa, anayendera mabungwe a penshoni za aphunzitsi ndi antchito a boma amene amasungitsa ndalama ku KKR ndi Bain, kuwafunsa ngati akudziwa ntchito imene ndalama zawo zikugwira. Bungwe la ku Minnesota linayamba laimitsa kuika ndalama zina ku KKR. Mu Novembala 2018 KKR ndi Bain anakhazikitsa thumba la madola 20 miliyoni, aliyense 10 miliyoni, pamene Vornado sinaponyemo kanthu. Lamulo silinawakakamize, ndipo pa chifukwa chimenecho ena anawayamika. Koma 20 miliyoni ikagawidwa kwa anthu 30,000, aliyense sapeza ngakhale madola 700, ndipo ndalama yonseyo ndi yochepa kuposa chiwongoladzanja chimene kampaniyo inkalipira m'masabata atatu.

Dzina lenilenilo silinafe, ndipo kumene linapulumuka kukuonetsanso kumene kunali matenda. Masitolo a ku Canada anagulidwa ndi Fairfax Financial, a ku Germany, Austria ndi Switzerland anatengedwa ndi Smyths, ndipo a ku Asia anapitiriza malonda. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito ndi kugulira ana awo mphatso, masitolo a Toys "R" Us sanatsekedwe, chifukwa mwini wake ndi kampani ya komweko imene imangolipira kuti igwiritse ntchito dzinalo, ndipo ngongole ya ku America sinaikhudze. Ku America okongoza anasunga dzinalo ndi kadyamsonga uja. Timasitolo tiwiri timene anatsegula mu 2019 tinatsekedwa mu Januwale 2021 m'nyengo ya COVID-19, kenako kampani ya WHP Global inagula gawo lalikulu la dzinalo, n'kutsegula sitolo pamalo ogulitsira a American Dream mu New Jersey ndi tizigawo ta zidole m'masitolo a Macy's. Ndi malonda obwereketsa dzina, ndipo ntchito zimene abweretsa n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinatayika.

Chimene antchito aja anapambana chinaposa ndalama zimene analandira. Likulu la kampaniyo linali ku Wayne, m'chigawo cha New Jersey, ndipo kumeneko anakakamira aphungu mpaka lamulo linasintha. Mu Januwale 2020 bwanamkubwa Phil Murphy anasaina lamulo loti kampani ya antchito 100 kapena kuposa, ikachotsa anthu 50 kapena ochulukirapo nthawi imodzi, iziwachenjeza masiku 90 zisanachitike ndipo izilipira aliyense malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chimene anagwira ntchito. New Jersey inali chigawo choyamba mu America kukakamiza zimenezi. Mliri unachedwetsa lamulolo mpaka Epulo 2023, ndipo silinabwerere m'mbuyo kukathandiza amene analimenyera. Kugula kampani ndi ngongole yolembedwa pa kampani yomweyo n'kololedwabe m'dziko lonse la America.